Kuchokera pa Msasa Kufika pa Mwala: Maphunziro a Basil Spence ndi Zaka za Nkhondo

Mawu oyamba

Pa 3 Sepitembala 1939, tsiku limene dziko la Britain linalengeza nkhondo ndi Germany, Basil Spence anali ndi zaka 32. Anali atakhala pabanja zaka zisanu, anali mmodzi wa eni kampani yojambula mapulani a nyumba mumzinda wa Edinburgh, ndipo ku Kilsyth, tawuni yaing'ono ya pakati pa Glasgow ndi Stirling, ntchito yomanga sukulu ya sekondale imene iye anajambula inali itangoyamba. Sukuluyo ndiyo ikanakhala nyumba yake yoyamba yaikulu yotumikira anthu ambiri. Nkhondo itabuka ntchito inaima, ndipo sukuluyo sinathe mpaka 1954. Mwini pulaniyo anavala yunifolomu ya usilikali, osabwereranso pa tebulo lake lojambulira mpaka chakumapeto kwa 1945.

Mbiri ya munthu wotere imakonda kusimbidwa m'njira ziwiri. Yoyamba imati nkhondo inali mbala imene inamubera zaka zisanu ndi chimodzi, zaka zimene munthu amakhala atakhwima nzeru koma mphamvu zikadalipo. Yachiwiri, imene Spence mwiniwake anaitsata m'buku lake la 1962 lotchedwa Phoenix at Coventry, imati nkhondo ndiyo inamupatsa cholinga cha moyo, pakuti ali m'dzenje lobisalamo ku Normandy ndi pamene anatulutsa mawu oti akufuna kudzamanga tchalitchi chachikulu, ndipo patatha zaka zisanu ndi ziwiri anapambana mpikisano womanganso tchalitchi cha Coventry. Njira zonse ziwiri zili ndi choonadi chake, komabe zimadumpha funso limene nkhani ino ikufuna kulisanthula: kodi Spence anali ataphunzira chiyani nkhondo isanafike, nanga nkhondoyo inachita nacho chiyani chimene anaphunziracho?

Tisanapite patali, ndi bwino timvane pa mawu. M'Chichewa liwu loti mmisiri limakwanira wosula, wopala matabwa ndi woyala njerwa, anthu amene ntchito yawo imatuluka m'manja. Munthu amene tikukamba pano sagwira njerwa. Amaiganiza nyumba isanakhaleko, kuijambula papepala, kuwerengera katundu amene makoma ndi mizati zidzasenze, kenaka n'kuyang'anira ena pamene akuimanga. M'nkhani ino timutcha mmisiri wa mapulani. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa ntchito ya munthu wotere imadalira ena: popanda mwini ndalama, chilolezo cha boma, simenti, zitsulo ndi anthu omanga, luso lake limathera papepala. Mlakatuli angathe kupeka ndakatulo ali m'ngalande ya nkhondo, pamene mmisiri wa mapulani nkhondo imamulanda zipangizo zake zonse tsiku limodzi.

Kuchokera ku Bombay kufika ku Edinburgh

Basil Urwin Spence anabadwa pa 13 Ogasiti 1907 ku Bombay, mzinda umene lero ukutchedwa Mumbai, m'dziko la India. Bambo ake ankagwira ntchito yoyesa golide ndi siliva pa nyumba yosulira ndalama ya boma la atsamunda. Monga zinkachitikira ana ambiri a anthu otumikira ufumu wa Britain kunja, mu 1919 anamutumiza ku Scotland kuti akaphunzire ku George Watson's College mumzinda wa Edinburgh. Mu 1925 analowa Edinburgh College of Art, kumene anaphunzira za mapulani a nyumba.

Nthawi imeneyo maphunziro a ntchitoyi ku Scotland anali pa mphambano. M'zaka za m'ma 1800 mnyamata wofuna ntchitoyi ankalowa mu ofesi ya mmisiri wodziwika n'kukhalamo zaka ngati zisanu, masana akukopera mapulani, madzulo akupita ku makalasi. Sir Robert Rowand Anderson, amene anajambula McEwan Hall ndi Scottish National Portrait Gallery, anaona kuti njira imeneyi payokha inali yoperewera, choncho mu 1892 anayambitsa sukulu ya luso la zomangamanga ndi zokongoletsa, imene pambuyo pake inalowa mu Edinburgh College of Art. Mwambo umene Anderson anasiya unali woyeza ndi kujambula nyumba zakale. Wophunzira ankanyamula tepi ndi pensulo kupita ku nyumba za mafumu, ku matchalitchi akugwa ndi ku nsanja za miyala, n'kulemba muyeso wa khomo lililonse ndi mwala uliwonse wosemedwa. Munthu amene wadutsa m'mwambo wotere amaidziwa nyumba yakale ngati mmene mlimi amadziwira munda wake, ndipo tidzaona kulemera kwa chidziwitso chimenechi tikafika ku Normandy.

Pa koleji Spence anatchuka ndi luso limodzi kuposa ena onse. Pulani yeniyeni ya nyumba, ya mizere ndi manambala, imawerengedwa ndi amisiri okha; mwini ndalama akaiyang'ana saonapo kanthu. Chifukwa cha ichi pamafunika chithunzi china choonetsa mmene nyumbayo idzaonekere ikadzatha, chokhala ndi mitambo, mitengo, zithunzithunzi za dzuwa ndi anthu oyenda pabwalo. Spence ankajambula zithunzi zoterezi mwachangu ndi mwaluso kotero kuti akadali wophunzira, amisiri okhazikika monga Reginald Fairlie, Frank Mears ndi Leslie Grahame Thomson ankamulipira kuti awajambulire nyumba zawo. Tikaliganizira bwino, luso limeneli ndi lokopa: limachititsa munthu kukhulupirira chinthu chimene sichinakhalepo. Pa maluso ake onse, limeneli ndilo linamudyetsa pa nthawi ya mtendere ndi kumupezera malo pa nthawi ya nkhondo.

Phunziro lina linali kunja kwa kalasi. Nyumba ya kolejiyi inayang'anizana ndi linga lakale la Edinburgh Castle, ndipo pamwamba pa thanthwe limenelo, mu Julayi 1927, panatsegulidwa chikumbutso cha anthu a ku Scotland amene anafa pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Mmisiri wake, Sir Robert Lorimer, anakonzanso nyumba yakale ya asilikali n'kusonkhanitsa osema miyala, osula mkuwa ndi opanga mazenera a magalasi amitundu, monga Douglas Strachan, kuti onse agwire ntchito pansi pa ganizo limodzi. Wophunzira wa zaka 19 anaona ndi maso ake kuti mmisiri wa mapulani angathe kukhala ngati mtsogoleri wa kwaya, wolumikiza maluso a anthu ambiri kuti alankhule za chisoni cha fuko. Mbadwo wa Spence unaphunzira ntchito mu mthunzi wa nkhondo imodzi, osadziwa kuti ina ikuwadikira.

Chaka chimodzi kwa Lutyens

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1929 Spence ndi mnzake William Kininmonth anapita ku London kukagwira ntchito chaka chimodzi mu ofesi ya Sir Edwin Lutyens, mmisiri wa mapulani wolemekezeka kwambiri ku Britain masiku amenewo. Madzulo Spence ankapita ku makalasi a Albert Richardson pa Bartlett School of Architecture. Masana anathandiza pa zojambula za nyumba ya bwanamkubwa wa India ku New Delhi, chinyumba cha zipinda 340 chimene chinali kumalizidwa nthawi imeneyo. Mwana wobadwira ku Bombay anapezeka akujambulira nyumba ufumu umene unalemba ntchito bambo ake. Mzinda wa New Delhi unatsegulidwa mwamwambo mu 1931, ndipo patangotha zaka 16 atsamunda anachoka. Lero nyumbayo ikutchedwa Rashtrapati Bhavan ndipo mumakhala mtsogoleri wa dziko la India.

Kwa Lutyens, Spence anaphunzira kulemekeza mwala, kusamala muyeso wa chinthu chilichonse poyerekeza ndi chinzake, ndi kukonza njira imene munthu adzayende polowa m'nyumba kuti maso ake akumane ndi zinthu motsatana. Mbiri ya Lutyens inali ndi phunziro linanso. Chikumbutso chake chotchuka cha Cenotaph, pa msewu wa Whitehall, poyamba chinali cha matabwa ndi pulasitala, chokonzedwa mwachangu kuti chiime pa chikondwerero cha mtendere cha mu Julayi 1919. Anthu ofedwa anaunjikapo nkhata za maluwa zochuluka kotero kuti boma linavomera kuchimanganso ndi mwala, ndipo chinatsegulidwa pa 11 Novembala 1920. Chinthu chimene chinayamba ngati msasa chinasanduka mwala chifukwa chinasenza maliro a anthu. Ulendo wa Spence mwiniwake unadzatsata njira yofanana ndi imeneyi, ngakhale kuti unatenga zaka makumi atatu.

Zaka za misasa

Spence anabwerera ku Edinburgh mu 1930 kudzamaliza maphunziro, ndipo koleji inamupatsa ntchito yophunzitsa akadali wophunzira. Anapitiriza kuphunzitsa kumeneko mpaka 1939. Mu 1931 iye ndi Kininmonth anayamba kampani yawoyawo m'chipinda chimodzi cha ofesi ya Rowand Anderson & Paul ku Rutland Square. Nthawi inali yoipa. Chuma cha dziko lonse chinali chitagwa, ndipo m'Disembala chaka chomwecho ngakhale ntchito yokhoma chombo chachikulu ku Clydebank, chimene chinadzatchedwa Queen Mary, inaima kwa zaka zoposa ziwiri. Achinyamata awiriwa anakhalira ntchito zing'onozing'ono: nyumba zogona zochepa za makoma oyera ndi madenga afulati, garaja ya magalimoto ku Causewayside, ndi zithunzi zojambulira ena. Mu 1934, chaka chimene Spence anakwatira Joan Ferris, kampani yawo inaphatikizana ndi ya Rowand Anderson & Paul, ndipo Arthur Balfour Paul atamwalira mu 1938 iwo anatsala eni ake.

Ntchito za Spence m'zaka zimenezi zinali za mitundu iwiri. Mtundu woyamba unali nyumba zazikulu za kumudzi za anthu olemera. Ya Broughton Place, kufupi ndi Biggar, anaimanga ngati nsanja ya ku Scotland ya m'zaka za m'ma 1600 chifukwa eni ake anafuna chomwecho. Ya Quothquan, ku Lanarkshire, inatsatanso mamangidwe akale. Koma ya Gribloch, kufupi ndi Kippen, imene anajambulira John Colville wa banja la eni mafakitale a zitsulo, inali yamakono, ya makoma okhota ndi mazenera aakulu. M'zaka zochepa munthu mmodzi analankhula zilankhulo ziwiri za mamangidwe mosadodoma. Ena amaona izi ngati kusowa maziko, ena ngati kumvera womulemba ntchito. Chimene chili chodziwika n'chakuti Spence sanali wa chipani chimodzi, ndipo mbali zonse ziwiri zinadzamudzudzula chifukwa cha ichi.

Mtundu wachiwiri unali nyumba za zionetsero. Mu 1938 mzinda wa Glasgow unachititsa chionetsero chachikulu cha ufumu wa Britain ku Bellahouston Park, pofuna kudzutsa malonda ndi mafakitale a ku Scotland. Mmisiri wamkulu anali Thomas Tait, amene anasonkhanitsa achinyamata aluso, ndipo Spence anagwira ntchito pa nyumba zitatu, kuphatikizapo za dziko la Scotland ndi ya kampani ya ICI. Anthu oposa 12 miliyoni anafika pakati pa Meyi ndi Okutobala. Nyumba za chionetsero n'zofanana ndi misasa ya pa zinthu zachikondwerero: zimamangidwa ndi mafelemu a zitsulo kapena matabwa n'kukutidwa ndi zipangizo zopepuka, zimakonzedwa kuti zigwire maso a munthu wodutsa, ndipo chikondwerero chikatha zimapasulidwa. Ngakhale nsanja ya Tait, yotalika mamita pafupifupi 90, inagwetsedwa mu 1939. Pofika chaka chimenecho Spence anali wodziwika ngati katswiri wa zinthu zooneka bwino zosakhalitsa. Sukulu ya ku Kilsyth ndiyo ikanamuphunzitsa za makonde odutsamo ana mazana tsiku ndi tsiku, za denga losadontha ndi za ndalama za boma zowerengedwa mosamala. Apa ndi pamene nkhondo inadula.

Luso la birimankhwe

Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inali nkhondo ya maso a m'mwamba. Ndege zojambula zithunzi zinkauluka pamwamba pa madoko, mafakitale ndi misasa ya asilikali, ndipo akatswiri ankawerenga zithunzizo ngati kalata. Mbali iliyonse inafuna anthu odziwa kubisa chimene chilipo ndi kuonetsa chimene kulibe. Spence analowa usilikali mu 1939, ndipo anaikidwa m'gulu la luso lozimbaitsa, limene malo ake ophunzirira anali ku Farnham Castle m'chigawo cha Surrey. Kumeneko kunasonkhana anthu amene pa mtendere sakanakhalira limodzi: ojambula zithunzi monga Roland Penrose ndi Julian Trevelyan, wamatsenga wa pa siteji Jasper Maskelyne, ndi katswiri wa zinyama Hugh Cott, amene mu 1927 anafufuza zamoyo za kumunsi kwa mtsinje wa Zambezi ndipo mu 1940 anatulutsa buku lalikulu lofotokoza mmene mitundu ya pakhungu imabisira nyama kwa adani ake.

Munthu woyang'ana pansi ali m'ndege sazindikira chinthu ndi mtundu wake kwenikweni. Chimene chimaulula mfuti yaikulu kapena galimoto ndi chithunzithunzi chake, mizere yowongoka imene chilengedwe sichipanga, ndi mapazi a matayala opita pamalo amodzi. Apa ndi pamene maphunziro a Spence anagwera pamalo pake. Wojambula zithunzi za nyumba amagwiritsa ntchito chithunzithunzi kuti khoma la papepala lioneke lolemera. Wozimbaitsa amatenga nzeru yomweyo kufafaniza chithunzithunzi cha chinthu chenicheni, kapena kupatsa chinthu chabodza chithunzithunzi chokhulupirika. Womanga misasa ya zionetsero amadziwa kale kuimika chinthu chachikulu ndi zipangizo zotchipa m'masabata ochepa. Ntchito imene dzina la Spence limatchulidwa nayo kwambiri ndi doko lonamizira losungira mafuta pa gombe la Kent, la matabwa, malona ndi mapaipi akale. Linali gawo la chinyengo chachikulu cha 1944 chotchedwa Operation Fortitude, chimene cholinga chake chinali kukhulupiritsa Ajeremani kuti asilikali a Britain ndi America adzawolokera ku Pas de Calais osati ku Normandy.

Choncho sikolondola kunena kuti m'zaka za nkhondo luso la Spence linagona. Nkhondo inatenga mbali imodzi ya luso lake, ya maonekedwe ndi kukopa, n'kuinola kwambiri, pamene mbali ina, yomanga zokhalitsa, inaisiya poima. Inamupatsanso anzake. M'gulu la ozimbaitsa anakumana ndi John Hutton, wojambula wochokera ku New Zealand, amene anadzazokota angelo ndi oyera mtima 66 pa khoma lalikulu la galasi la ku Coventry. Steven Sykes, amene anapanga mngelo wa m'kachipinda kopempherera ka Getsemane m'tchalitchi chomwecho, nayenso anali msilikali wozimbaitsa. Anthu amene anaphunzira limodzi kunamiza diso la mdani ndi omwe anadzakongoletsa nyumba ya chiyanjanitso.

Normandy ndi nkhani imene inasimbidwa pambuyo pake

Mu Juni 1944 Spence anawoloka nawo nyanja kupita ku Normandy. M'buku lake anafotokoza kuti m'masiku oyambirira anaona akasinja a Britain akuwombera nsanja za matchalitchi akale a ku Ouistreham ndi Hermanville pofuna kuchotsa asilikali a Germany amene ankawombera ali chibisalire mmenemo. Pamenepa m'pofunika kuimapo. Owonongawo anali a mbali yake, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka, pakuti munthu mmodzi wobisala pa nsanja angathe kupha anyamata ambiri pa msewu. Palibe mtsogoleri wa asilikali amene akanasunga miyala n'kutaya miyoyo. Komabe woonererayo anali munthu wophunzitsidwa kuyeza miyala yotereyi umodziumodzi, wodziwa zaka zimene osema anatha pa khomo limodzi. Anaona ntchito ya mibadwo ikuphwanyika m'mphindi zochepa, popanda woti n'kumuloza chala. Ndi m'masiku omwewo pamene mnzake anamufunsa cholinga cha moyo wake, iye n'kuyankha za tchalitchi chachikulu.

Nkhaniyi ndi yokoma, ndipo kukoma kwakeko n'kumene kuyenera kutichenjeza. Inasindikizidwa patatha zaka 18, yolembedwa ndi wopambana, m'chaka chimene tchalitchicho chinatsegulidwa. Ili ndi kamangidwe ka nthano zambiri zakale: lumbiro pa nthawi ya tsoka, zaka za kudikira, kenaka kukwaniritsidwa. Palibe chifukwa choikayikira kuti inachitika, koma tizikumbukira kuti munthu posimba moyo wake amasankha mawu amene mathero anawavomereza. M'maenje a ku Normandy munalankhulidwa maloto ambiri chilimwe chimenecho. Ambiri mwa eni ake sanabwerere, ndipo amene anabwerera osakwaniritsa sanalembe mabuku. Tikamva kuti nkhondo inamupatsa Spence masomphenya, tikumva liwu la mmodzi amene zinamuyendera.

Kubwerera

Spence anatuluka usilikali mu Sepitembala 1945 ali pa udindo wa meja, atatchulidwa kawiri m'malipoti oyamikira asilikali. Dziko limene anabwererako linali lina. Lutyens anali atamwalira pa 1 Januwale 1944, ndipo tchalitchi chake chachikulu cha Akatolika ku Liverpool, chimene ntchito yake inaima mu 1941, sichinapitirire kupyola chipinda chapansi. Mabanja olemera omanga nyumba ngati Gribloch anali atachepa chifukwa cha misonkho ndi kusowa kwa zipangizo. Kumanga kulikonse kwakukulu kunafuna chilolezo cha boma, lamulo limene linakhalapo mpaka 1954. Wolemba ntchito watsopano anali boma ndi makhonsolo, ndipo chimene ankafuna chinali nyumba zogona, masukulu ndi zipatala. Nkhondo inamulanda Spence zaka, ndipo inamulandanso anthu amene anaphunzitsidwa kuwatumikira.

Mu 1946 anayamba kampani yakeyake, Basil Spence & Partners, ndipo anabwerera ku zimene ankadziwa. Anatsogolera mamangidwe a chionetsero cha Britain Can Make It ku London mu 1946 ndi cha Enterprise Scotland mu 1947, kenaka nyumba ya za nyanja ndi zombo pa Festival of Britain mu 1951. Anajambulanso nyumba zazing'ono za asodzi ku Dunbar, zimene zinayamikiridwa chifukwa zinagwirizana ndi miyala ndi mamangidwe a doko lakalelo. Pofika zaka 43 anali asanamalizebe nyumba yaikulu yokhalitsa yotumikira anthu ambiri ngakhale imodzi.

Mzinda wa Coventry unaphulitsidwa usiku wa pa 14 Novembala 1940 ndi ndege za Germany pafupifupi 500, ndipo anthu oposa 500 anafa. Chiwonongekocho chinali chachikulu kotero kuti m'Chijeremani munabadwa mneni watsopano, coventrieren, kutanthauza kufafaniza mzinda. Pa tchalitchi cha St Michael panatsala nsanja ndi makoma akunja okha. Pulani ya Sir Giles Gilbert Scott itakanidwa, mu 1950 kunalengezedwa mpikisano, ndipo mu Ogasiti 1951 pulani ya Spence inasankhidwa pakati pa mapulani 219. Ganizo lake linali losiya bwinjalo chiimire, lopanda denga, n'kumanga tchalitchi chatsopano chopingasa pambali pake, ziwirizo zolumikizidwa ndi khonde lalitali, kuti munthu adutse m'chiwonongeko asanalowe m'nyumba yatsopano.

Aliyense wodziwa mbiri imene tafotokozayi angathe kuiwerenga m'makoma a nyumbayi. Kulemekeza bwinja ndi mwambo wa Anderson ndi chikumbukiro cha Normandy. Mwala wofiirira wa ku Hollington ndi phunziro la Lutyens. Kusonkhanitsa Graham Sutherland wojambula chithunzi cha pa chinsalu chachikulu cha kuseri kwa guwa, John Piper wa zenera la pa malo obatizira, Jacob Epstein wosula chifanizo cha Mikayeli, ndi Hutton, ndi njira ya Lorimer. Makoma am'mbali anawapinda ngati mano a sowo, mazenera ake n'kuloza kuguwa, kotero kuti wolowa saona magalasi amitundu mpaka atafika kutsogolo n'kutembenuka. Imeneyi ndi nzeru ya womanga zionetsero ndi ya wozimbaitsa, wodziwa kubisa chinthu kufikira nthawi yake yoonekera. Otsutsa anaziona zomwezi ndipo anazitcha chofooka. Okonda zamakono anati ndi tchalitchi chachikale chovala zovala zatsopano, okonda zakale anati chikufanana ndi fakitale. Mu 1954 khonsolo ya Coventry inapempha kuti ntchitoyi idikire kufikira anthu atapeza nyumba ndi masukulu, koma nduna ya zomangamanga, David Eccles, inapereka chilolezo. Mfumukazi Elizabeth II inaika mwala wa maziko pa 23 Marichi 1956, ndipo tchalitchicho chinapatulidwa pa 25 Meyi 1962.

Mawu omaliza

Dandaulo la khonsolo ya Coventry likutikumbutsa mbali ya mbiriyi imene buku la wopambana silinena. Atatchuka, Spence analandira ntchito zazikulu zambiri: yunivesite ya Sussex, ofesi ya kazembe wa Britain ku Rome, ndi nyumba zosanja za ku Hutchesontown m'dera la Gorbals ku Glasgow. Zomalizazi zinali midadada iwiri ya nsanjika 20, yokhalamo mabanja 400, yokhala ndi makonde aakulu amene iye ankawaona ngati minda ya m'mwamba. Pa chithunzi zinali zochititsa kaso. Okhalamo anakumana ndi chinyezi, nkhungu pa makoma ndi mphepo yoopsa, ndipo mu Sepitembala 1993 zinagwetsedwa ndi mabomba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mlandu si wa Spence yekha, pakuti changu cha nthawiyo ndi kusasamalidwa kwa nyumbazo zinali ndi gawo lake, ndipo nyumba za ku Dunbar zikuchitira umboni kuti ankatha kumangira anthu wamba. Komabe m'pomveka kufunsa ngati munthu amene akanatha zaka za m'ma 1940 akuphunzira pang'onopang'ono pa masukulu ndi nyumba zazing'ono akanalakwitsa mofanana. Masitepe amene nkhondo inamudumphitsa anali a ntchito wamba, yosaoneka pa chithunzi, imene imaphunzitsa mmene madzi amalowera m'khoma.

Yankho la funso lathu ndi lotere. Spence analowa m'nkhondo ali ndi maphunziro awiri, la mwala ndi la msasa. Nkhondo inakulitsa lachiwiri, inaimitsa loyamba, kenaka inamusiyira bwinja limene linafuna maphunziro onse awiri nthawi imodzi. Ku Coventry zinagwirizana ndipo panatuluka nyumba imene anthu amapitako mpaka lero kukapempherera chiyanjanitso. Ku Gorbals mpata umene unatsala m'maphunziro ake unaonekera, ndipo anaulipira ndi anthu ena. Spence anamwalira pa 19 Novembala 1976 ku Yaxley, m'chigawo cha Suffolk, ali ndi zaka 69, atalandira ulemu wa Sir mu 1960 ndi wa Order of Merit mu 1962.

Polemba mbiri ya anthu amene nkhondo inawadula, pali chiyeso chofuna kuipezera nkhondoyo phindu, ngati kuti tchalitchi chokongola chikubweza ngongole ya mzinda wopserera. Kuwerengera kotere kumaiwala amene sanatchuke. Kudulidwa kwa ntchito ya mmisiri wa mapulani sikukhudza iye yekha, chifukwa nyumba iliyonse yosamangidwa inali ndi anthu oidikira. Ana a ku Kilsyth amene akanalowa m'makalasi atsopano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 anali atakula kale, ena ali pantchito, ena ali ndi ana awoawo, pamene sukulu ija inamalizidwa mu 1954.